Phodo la mivi la ku China: linachokera kuti, ndipo losoka pamanja liyenera kukhala lotani?

Funso: Ndili m'gulu la anthu oponya mivi ndi uta wamakedzana wa ku China, ndipo pa zionetsero timavala ngati asilikali akale. Ndikufuna phodo losoka pamanja. Ena akuti ndipeze lobereka kumsana, ena akuti la m'chiuno. Loyenera ndi liti, linachokera kuti, nanga ndingathe kudzisokera ndekha?

Yankho: Achimwene, musanagule kanthu kapena kudula chikopa, yambani mwadziwa zinthu ziwiri. Mukuvala ngati msilikali wa nthawi iti? Nanga mivi yanu ndi yotalika ndi yolemera bwanji? Dziko la China silinakhale ndi phodo la mtundu umodzi. Linkasintha malinga ndi muvi, uta ndiponso ngati woponyayo anali wapansi kapena wa pa kavalo. Phodo amalipanga moyang'ana muvi, ndipo amene wayamba ndi kusirira maonekedwe amapezeka ali ndi thumba lokongola limene likutaya mivi akangothamanga pang'ono.

Za kubereka kumsana tithane nazo msanga. Si bodza kuti zinalipo. Ziboliboli zadothi za asilikali apansi a ufumu wa Han zomwe zinafukulidwa ku Yangjiawan, pafupi ndi Xianyang, zina zili ndi phodo langati kabokosi kumsana. Ku manda a mfumu Qin Shi Huang, amene anamwalira mu 210 B.C., ofukula anapeza mitu ya mivi yamkuwa yoposa 40,000, yambiri ili m'mitolo ya mivi pafupifupi 100, kusonyeza kuti inali m'zotengera zomwe zinawola kalekale. Koma ambiri mwa asilikali amenewa ankagwiritsa ntchito uta wokhazika pamtengo, wokhala ndi chokhethemulira, ndipo ankamenya nkhondo ataima m'mizere. Ngati gulu lanu limavala za ufumu wa Tang, Ming kapena Qing, monga amachitira magulu ambiri, phodo lanu ndi la m'chiuno, kudzanja lamanja. Thumba lozungulira lachikopa lolendewera paphewa lija mulisiye, si la kumeneko.

Phodo la m'chiuno linabwera ndi kavalo. Mu 307 B.C. mfumu Wuling ya dziko la Zhao, limodzi mwa mayiko akale a ku China, inalamula asilikali ake kuvala ngati abusa oyendayenda a m'zigwa za kumpoto ndi kuphunzira kuponya mivi ali pa kavalo. Kuyambira pamenepo zida zambiri za woponya mivi wa ku China zinkachokera kwa anthu a kumpoto ndi kumadzulo amene ankamenyana nawo ndi kugulana nawo malonda. Munthu amene ali pa kavalo wothamanga sangamapapase kumbuyo kwa khosi. Dzanja liyenera kutsika pang'ono chabe n'kupeza muvi pamalo omwewo nthawi zonse. Ku Niya, m'chipululu cha Xinjiang, manda ofukulidwa mu 1995 anatulutsa uta uli ndi thumba lake lachikopa, ndipo kuthumbako kunasokeredwa zotengera mivi ziwiri zazitali zozungulira. Pamenepa uta ndi mivi zinali zikadali m'chida chimodzi. Pambuyo pake zinalekana: uta kumanzere, mivi kumanja.

M'nthawi ya Tang (618 mpaka 907) phodo lofala linali lotseka, lotchedwa hulu. Linali lalitali pafupifupi ngati muvi womwe, lotambalala pansi, lopyapyala pakhosi, ndipo mivi inkalowa nsonga zili m'mwamba, nthenga zili pansi pamalo otakasuka kuti zisaphwanyike kapena kunyowa. Chithunzi chabwino cha phodo limeneli ndi mwala wosema wochokera ku manda a mfumu Taizong, wosonyeza kazembe Qiu Xinggong akuzula muvi pachifuwa cha kavalo wa mfumuyo. Mwalawu uli ku Penn Museum mumzinda wa Philadelphia, ndipo phodo likuoneka bwino m'chiuno mwa kazembeyo. Abusa a m'zigwa ankalipanga ndi khungwa la mtengo wa birch pa chimango cha mitengo. Shen Kuo, katswiri wa zaka za m'ma 1000, analemba kuti akale ankapanga phodo ndi chikopa cha ng'ombe ndipo pogona ankalitsamira, chifukwa mphako yake inkamveketsa mgugu wa anthu ndi akavalo akadali kutali. Kwa wosoka, mawu amenewa ndi malangizo: hulu liyenera kukhala louma gwa ndi lamphako. Losoka ndi chikopa chofewa silili hulu, ndipo limaphwanya nthenga zomwe linayenera kuteteza.

Phodo lotsegula, lomwe mivi imalowa chozondoka nthenga zili panja, linafala m'nthawi ya ulamuliro wa a Mongol, m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300. Asilikali a Ming (1368 mpaka 1644) analitengera, ndipo a Manchu, omwe analamulira monga ufumu wa Qing kuyambira 1644 mpaka 1912, analifupikitsa mpaka linangotsala kathumba kogwira mitu ya mivi basi. Phodo ndi thumba la uta pamodzi ankazitcha sadai.

Ngati simunasankhe kale nthawi, ine ndingakulangizeni za Qing. Chifukwa chake n'chakuti umboni ulipo wochuluka, ndipo simudzafunika kuganizira nokha mbali zosowa. Zida zenizeni zatsala zambiri ku Palace Museum ku Beijing ndi m'nyumba zina zosungiramo zakale. Pali buku la malamulo a zida ndi zovala za boma, Huangchao Liqi Tushi, lomwe linamalizidwa mu 1759 mfumu Qianlong italamula, ndipo limasonyeza sadai ya mfumu, ya akuluakulu ndi ya asilikali wamba payokhapayokha. Palinso zojambula za Giuseppe Castiglione, wojambula wa ku Italy amene ankagwira ntchito kunyumba ya mfumu, zosonyeza bwino momwe phodo linkakhalira pathupi munthu ali pa kavalo. Za Ming zojambula zilipo, koma zida zenizeni zotsala n'zochepa.

Kufupika kwa phodo la Qing kuli ndi chifukwa. Muvi wa a Manchu unali wautali mita imodzi kapena kuposerapo, wonenepa, wolemera kawirikawiri magalamu 80 mpaka 100 ngakhale kupitirira, ndipo nthenga zake zinkatha kufika masentimita 25 kapena 30. Nthenga zotere sungaziike m'phodo lotseka. Ziyenera kukhala panja, zotalikirana, zosakhudzana. Choncho phodo linasiya kukhala chotengera n'kukhala chogwirira. Mkati mwake ankapindamo nsalu yochindikala ya ubweya wa nkhosa wopsinja, imene amaitcha felt, ndipo mutu wa muvi uliwonse unkalowa pakati pa mapindo n'kugwidwa. Ntchito yonse ya phodoli ili pa felt ameneyu. Zokongoletsa zonse zimabwera pambuyo.

Kudzisokera nokha n'kotheka ngati munagwirapo singano ndi chikopa. Miyeso imene ndikupatseniyi ndi ya mivi isanu ndi iwiri mpaka khumi, yonenepa mamilimita 10 mpaka 12.

Yambani ndi katoni. Dulani zidutswa ziwiri zofanana, zomwe ndi nkhope za phodo: kutalika masentimita 28 mbali yakumbuyo, 20 mbali yakutsogolo, kutambalala 21 kukamwa ndi 16 pansi, ngodya zapansi zozungulira. Zimangirireni ndi tepi, muikemo mivi yanu yeniyeni, mudzimange m'chiuno, kenako mukoke uta kangapo. Zolakwika zambiri zimaonekera pomwepa, katoni asanasanduke chikopa chodula.

Chikopa chikhale cha ng'ombe, chofufuta ndi makungwa a mitengo, chochindikala mamilimita 2.5 mpaka 3. Chofufuta ndi mankhwala a chrome, chomwe amasokera majekete ndi mipando, n'chofewa kwambiri ndipo sichisunga maonekedwe. Kuzisiyanitsa n'kosavuta. Dulani kachidutswa muone m'kati: cha makungwa chimakhala chofiirira mpaka pakati, cha chrome nthawi zambiri chimaonetsa mzere wotuwa mobiriwira. Dontho la madzi limalowa msanga m'cha makungwa n'kudetsa malowo, ndipo mukachinyowetsa n'kuchipinda chimauma chili chopindika. Nkhope zonse ziwiri mudule kuchokera chakumsana kwa chikopa. Cha kumimba chimatanuka, ndipo nkhope ikatanuka imafufuma, felt amamasuka, mivi n'kuyamba kugwedera. Mufunikanso chikopa chopyapyala cha mamilimita 1 mpaka 1.5, monga cha mbuzi, chokulungira m'mphepete ndi kusokera timatumba.

Pakati pa nkhope ziwirizi pamalowa mtengo, womwe umayenda pansi ndi kukwera m'mbali. Maphodo ambiri akale omwe atsala ali nawo. Sankhani mtengo wopepuka, wouma bwino, wosang'aluka mukakhoma msomali. Poplar kapena birch ndiyo yoyenerana ndi kumene chidachi chinachokera, koma mtengo uliwonse wopepuka wopanda utomoni ugwira ntchito popeza suonekera kwambiri. Uchindikale masentimita 3, pakuti ndiwo ukupereka mpata wa mkati. Zidutswa zitatu zolumikiza ndi guluu ndi timapini tamtengo zimalimba kuposa kusema chidutswa chimodzi chopindika, chomwe chimathyokera pangodya pomwe mitsempha ya mtengo yadukizidwa. Bowolani timabowo musanakhome, motalikirana masentimita 2, ndipo misomali ikhale yamkuwa. Mtengo wauwisi musauyese n'komwe: ukamauma umafota, chikopa chimakwinyika, ndipo misomali imamasuka.

Tsopano felt. Akhale wa ubweya wa nkhosa weniweni, wochindikala mamilimita 5. Wa pulasitiki amene amagulitsa m'masitolo a zokongoletsa amaterera, ndipo akapsinjika sabwerera. Mukakayika, otchani kaulusi kake: ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa n'kusiya phulusa lofumbutuka, wa pulasitiki umasungunuka n'kuuma kabulu. Dulani zidutswa zitatu, chilichonse chotalika masentimita 30, chotambalala molingana ndi mkati mwa phodo. Pindani chilichonse pakati, mupeza magawo asanu ndi limodzi, omwe pamodzi ndi mamilimita 30, ndendende mpata womwe mtengo wasiya. Popindikapo payang'ane m'mwamba. Izi n'zofunika kwambiri: msana wozungulira wa pindo umalondolera nsonga ya muvi kulowa mumpata wa pakati pa pindo ndi linzake, pomwe m'mphepete modula mumakodwa ndi nsonga n'kukankhikira pansi mpaka felt yense aunjikane kumatako a phodo. Mumangirireni pansi pokha, ndi ulusi wodutsa m'mabowo a mtengo, ndipo kumwamba mumusiye womasuka. Guluu asakhudze malo olowa mivi, chifukwa amaumitsa ubweya ndipo sugwiranso.

Pali vuto limodzi limene akale analibe. Mitu ya mivi yawo inali yotambalala, ya chitsulo chosula, ndipo inkakhala mopingasa pakati pa mapindo n'kugwidwa mwamphamvu. Mivi yoponyera pachandamale ya masiku ano ili ndi nsonga yozungulira yonenepa chimodzimodzi ndi thupi la muvi, ndiye palibe chokodwa. Ngati yanu ndi yotere, onjezani gawo limodzi la felt kuti mpata uthine, ndipo muzamitse mapindo afike masentimita 17 kapena 18 m'malo mwa 15. Musathinitse mopitirira. Muvi uyenera kutuluka ndi zala ziwiri popanda phodo kunyamuka nawo. Ukamatuluka ndi unzake, kapena lamba akamakwera mukakoka, chotsani gawo limodzi.

Kusoka kukhale kwa singano ziwiri, imodzi mbali iyi ina mbali iyo, zonse zikudutsa m'bowo limodzi, ndi ulusi wa linen kapena hemp wopaka phula la njuchi. Mabowo atalikirane mamilimita 4, ndipo akhale mamilimita 5 kuchokera m'mphepete. Mukawayandikizitsa kwambiri chikopa chimang'ambika motsata mzerewo. Kukamwa kwa phodo kulungani ndi chikopa chopyapyala chija, chifukwa m'mphepete mosakulunga mumakala thupi la muvi ulendo uliwonse, ndipo pakatha miyezi ingapo mivi yonse imakhala ndi chipsera pamalo amodzi.

Maphodo ambiri a Qing ali ndi mipata yong'amba pankhope ndi timatumba kumbuyo, kawirikawiri titatu, tosungira mivi yapadera monga ya mluzu, yomwe mutu wake waukulu wa fupa kapena mtengo sungalowe mu felt. Ngati mulibe mivi yotere, timatumbato mungathe kudzasoka mtsogolo. Timalamba topingasana pankhope tokha musatisiye, timathandiza kuti nkhope isafufume.

Pamene anthu ambiri amagwa ndi pa kapachikidwe. Ganizirani kuti muvi wa mita imodzi wagwidwa masentimita 15 okha, ndipo mbali yotsalayo ili m'malere ikukoka phodo kuti lipendekeke. Kalamba kamodzi sikangathe. Pafunika tiwiri: kamodzi kafupi kochokera pangodya yakumwamba yakutsogolo, kena kotalikirapo kochokera mbali yakumbuyo, ndipo pa lamba wa m'chiuno titalikirane masentimita 12 mpaka 15. Tikayandikana, phodo limazungulira ngati chitseko pa mahinjesi ndipo mivi imakumenyani kumsana poyenda. Mivi iloze kumbuyo ndi m'mwamba, chapakati pa kuima chilili ndi kugona. Ikaima kwambiri, chigongono chanu chimagunda nthenga pokoka, makamaka pa kakokedwe ka a Manchu komwe dzanja limafika kuseri kwa khutu. Ikagona kwambiri, kulemera kwake kumazula mitu mu felt, imakhudza matako a kavalo, ndipo pamzere imabaya mnzanu wakumbuyo. Poyesa, mangani timalambato ndi chingwe choyamba, musinthe mpaka zikhale bwino, ndiye mudule chikopa potsata chingwecho. Malo amene mphete za timalambato zikugwira pankhope muikepo kachikopa kachiwiri mkati, chifukwa ndi pomwe pamayamba kung'ambika.

Lamba wa m'chiuno akhale wakewake, wotambalala masentimita 4, osati wa thalauza. Kumanzere kwake kumapachikidwa thumba la uta, lomwe limalandira uta uli wokunga kale n'kubisa theka lake kapena kuposerapo pang'ono. Thumba limeneli mulidule pojambula uta wanu womwe pakatoni n'kuonjeza masentimita 2 mbali zonse, chifukwa mauta a mtundu wa Manchu amasiyana kapindikidwe ka nsonga zake zolimba, zotchedwa makutu. Kulemera kwa uta kumathandizanso kuti lamba asatsetserekere kumanja. Wamanzere angotembenuza zonse.

Pa mtundu ndi zokongoletsa, dzifunseni kuti mukuvala ngati ndani. Sadai ya mfumu ndi ya akuluakulu inkakutidwa ndi veleveti kapena silika wopeta, zitsulo zake zopaka golide, nthawi zina zoikamo miyala. Chikasu chowala ndi chinjoka cha zikhadabo zisanu zinali za mfumu ndi a m'banja lake. Msilikali wamba anali ndi chikopa chopanda zambiri ndi zitsulo zosavuta. Munthu wovala za msilikali wamba atanyamula phodo lachikasu la chinjoka walakwitsa kuposa amene miyeso yake yaphonya ndi masentimita awiri, ndipo odziwa amaona zimenezi ali patali. Chikopa chakuda kapena chofiirira chokhala ndi zitsulo zochepa ndicho chosankha chabwino pa phodo loyamba.

Kudetsa chikopa cha makungwa sikulira utoto wogula. Ikani steel wool mmodzi wotsukira mapoto, wopanda sopo, mu theka la lita ya viniga, musatseke botolo kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya, mudikire sabata imodzi, musefe. Mukapaka, chitsulo chimakumana ndi mankhwala a makungwa ali m'chikopa ndipo chimada m'mphindi zochepa, kuda kolowa mkati kosasuluka pa zovala. Tsukani mwachangu ndi madzi osungunulamo soda pang'ono, supuni yaing'ono imodzi pa lita, mutsukuluze ndi madzi oyera, chiume pamthunzi, kenako mupake mafuta a chikopa mopyapyala. Chitani zimenezi musanasoke ndi musanaike felt. Soda wochuluka amaumitsa chikopa mpaka kusweka. Kukumana komweku kwa chitsulo ndi makungwa ndi kumene kumabweretsa madontho akuda kuzungulira zitsulo pa chikopa chofiirira chikanyowa, choncho ngati mwasankha zachitsulo, pakani vanishi kapena phula kuseri kwake musanakhome. Mkuwa nawo umatulutsa zobiriwira ukakumana ndi mafuta ambiri. Pukutani zikangoyamba.

Ngati mwaganiza zogula kwa mmisiri, mufunseni zinthu zimene chithunzi sichionetsa. Anatengera chida chiti chakale, cha nthawi iti? Mmisiri wodziwa ntchito amatchula msanga ndipo amakuonetsani chithunzi chake. Mkati muli chiyani, ubweya kapena siponji? Chikopa anafufuta ndi chiyani? Iyenso ayenera kukufunsani kunenepa kwa mivi yanu, mtundu wa nsonga ndi dzanja lomwe mumakokera. Amene sakufunsa zimenezi akusoka thumba wamba. Yang'ananinso zinthu zimene zimaulula kuti chida ndi chamakono: zipi, mabatani odina, mariveti onyezimira, ulusi wa nayiloni wowotcha kunsonga ndi msoko wa makina.

Likatha, liyeseni musanapite nalo pagulu. Dzazani mivi, mulizondotse n'kugwedeza pang'ono: pasagwe muvi. Livaleni, muthamange mamita 50, mugwade, mukhale pansi, mutembenuke mwachangu. Kenako tulutsani mivi umodziumodzi osayang'ana, kuyambira wakumbuyo, dzanja likugwira thupi la muvi pafupi ndi kukamwa kwa phodo osati kunthenga. Wotsiriza ndi amene amanena zoona, chifukwa mivi ikachepa felt amamasuka. Ngati wotsirizayo akugwedera, onjezani kachidutswa kopyapyala kumbali imene ili kuthupi lanu. Pa zionetsero za anthu ambiri funsani okonza malamulo awo a nsonga, popeza ambiri salola mitu yakuthwa. Mitu yotambalala yosanola imaoneka bwino ndipo imagwidwa bwino mu felt.

Mukabwerako musasiye mivi m'phodo. Felt akakhala wopsinjika kwa milungu amasunga mphako za mitu ija ndipo sagwiranso. Njenjete zimakonda ubweya, choncho muziutulutsira kumphepo ndi kuusuzumira pansi pa mapindo pomwe zimaikira mazira. Nyengo yamvula musalitsekere m'pulasitiki, limachita chuku. Lipachikeni pamalo opita mphepo, kutali ndi moto ndi dzuwa, ndipo mafuta mupake kamodzi kapena kawiri pachaka basi, chifukwa ochuluka amafewetsa nkhope zomwe munazisankhira kuuma.